Amene Ankavukuta Kuseri kwa Khoma

"Chemwali, soketi ili pati?"

Limeneli ndi funso loyamba limene Asiyatu analandira kwa mlongo wake Jafali, atangotsika galimoto pabwalo la mayi awo kwa Chipojola, kufupi ndi Ntaja. Sanayambe n'kufunsa za manda, kapena za ana, kapena chimene chinagwetsa mtengo wa mango wa pakhomo. Anaima ndi jekete lake lotuwa, imvi zitamufika m'makutu, kumbuyo kwake dalaivala akutsitsa bokosi lalitali lakuda.

"Takulandirani, achimwene," anatero Asiyatu atagwada. "Soketi ilipo imodzi, ku golosale, yotchajira mafoni. Imagwira dzuwa likawala."

"Ndiye tibwereka jenereta," anatero Jafali. Kenaka anachita ngati wadzidzimuka kutulo, anawerama n'kumudzutsa mlongo wakeyo ndi manja onse awiri. Asiyatu anamva kuti manjawo ndi ofewa ngati a khanda. Anangozisunga mumtima.

Jafali Makwinja anabadwira m'banja la Chisilamu. Ali mnyamata ankaphunzira pa sukulu ya mishoni ya patsidya pa mtsinje, ndipo tsiku lina anamva limba likulira m'tchalitchi, mtima wake n'kutsalira komweko. Mayi wina wa ku America amene ankaphunzitsa kuimba pa mishonipo anaona kuti zala za mnyamatayo zili ndi nzeru. Anamuphunzitsa, kenaka anamupezera malo pa sukulu ya zoimbaimba kwawo. Jafali anabatizidwa, dzina linasanduka Jeffrey, anakwera ndege. Kumeneko anaphunzira mpaka kutchedwa Dokotala, osati wa jakisoni koma wa nyimbo. Anakwatira, anabereka ana, anakhala nzika ya dzikolo. Theka la moyo wake analithera pa limba la tchalitchi china chachikulu ku Ohio, limba la mipope yaitali ngati mitengo ya bulugama, loimbidwa ndi manja ndi mapazi omwe. Nyimbo zimene anapeka zinalowa m'mabuku a nyimbo za m'tchalitchi, ndipo akuti pali ina imene anthu amaiimba pa ukwati ndi pa maliro pomwe, osadziwa n'komwe kuti woipekayo anakulira m'munda wa nandolo.

Kumudzi ankabwera patalipatali. Mayi awo, Abiti Sumani, atamwalira, anaikidwa tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe, monga timachitira Asilamu. Pamene Jafali ankayamba kufunsa za ndege, mayi ake anali atagona kale m'manda, ndipo zimenezi zinamukhala pakhosi. Tsopano anali atabwera ku arubaini, sadaka ya tsiku la makumi anayi, pamene abale amaphika mpunga, kuitana anthu ndi kuwerenga duwa yopempherera womwalirayo. M'bokosi lakuda muja munali kiyibodi. M'mutu mwake munali nyimbo yatsopano imene anapekera mayi ake.

Madzulo ake anakhala pa khonde ndi amalume awo, Che Kassimu, mlongo wa malemuwo, munthu wamfupi wa lilime lakuthwa, amene chibatizidwire cha Jafali sankamutchula dzina lina koma "Mzungu." Asiyatu ankapeta mpunga chapafupi, makutu ali komweko.

"Mkuja, duwa ikadzatha, ndidzaimba nyimbo imodzi," anatero Jafali. "Imodzi yokha. Mulibe mawu okhumudwitsa aliyense."

Che Kassimu anayang'ana kumbali. "Mzungu, pano si pa dansi."

"Malume, sindinanene za dansi."

"Chemwali anga anafa ali Msilamu, anasambitsidwa ngati Msilamu, anagona moyang'ana kumene Asilamu amayang'ana. Iwe ukufuna kudzawalizira zakutchalitchi pamutu? Manyazi amene unawapatsa ali moyo sanakwane?"

"Munawaika ine kulibe."

"Tikanadikira ndege? Mtembo si chimanga choti n'kuika m'nkhokwe."

Jafali anaimirira. Analankhula mwaulemu, koma ulemu wake unali wozizira.

"Ndamva, malume. Ndilibe china chimene ndingawapatse mayi anga koma chimenechi. Ngati n'chonyansa, ndiye kuti wonyansa ndine. Chemwali, muuzeni dalaivala asapite patali. Mawa ndibwerera, ndipo simudzavutikanso nane."

Asiyatu anasiya lichero pansi. Naye anali ndi zake zimene akanatha kunena. Amene ankatembenuza mayi pa mphasa ndi iyeyo, amene ankachapa nsalu zawo ndi kuwamwetsa phala ndi supuni ndi iyeyo, pamene mlongo wakeyo ankaomberedwa m'manja kutsidya kwa nyanja. Koma masiku otsiriza mayi awo anamugwira dzanja n'kunena kuti, "Mlongo wako adzabwera mochedwa, ndi mmene alili. Akadzabwera, usadzamulole achoke pakhomo pano atakwiya." Asiyatu anavomera mosavuta, chifukwa wodwala sakanizidwa. Tsopano lonjezo lija linali litaima pamaso pake, ndipo ankadziwa kuti Jafali akakwera galimoto ali choncho, sadzapondanso kwa Chipojola.

M'mawa mwake anamupatsa madzi ofunda osamba, anamuikira tiyi, n'kudikira kuti amwe kaye.

"Achimwene, musananyamuke tiyeni tikawaone a Shehe. Ndi amene adzatsogolere duwa. Akakana iwo, chikwama chanu ndidzanyamula ndekha kukaika m'galimoto."

Jafali anavomera, ndipo anavala tayi.

Shehe Amidu Chiwaula anali munthu wophunzira kwambiri. Anthu ankachokera kutali kudzawafunsa za malamulo a chipembedzo, ndipo m'nyumba mwawo mabuku anali ochuluka kuposa ziwiya. Koma alendowo anawapeza atakhala pansi pakhonde, akusoka mkeka wong'ambika wa ku madrasa, magalasi ali pa nsonga ya mphuno. Mpando unali umodzi wokha pakhomopo. Anaupukuta ndi dzanja la mkanjo wawo n'kuupereka kwa Jafali, iwo n'kubwerera pa mkeka. Asiyatu anakhala pa khomo, chapatali pang'ono.

"Mtendere ukhale nanu, a Dokotala. Pepani ndi maliro. Mayi anu anali munthu."

"Zikomo, a Shehe. Sindikutengerani nthawi yambiri. Ndili ndi funso limodzi."

"Nthawi ndi ya Mwini wake, ine ndimangobwerekedwa. Funsani."

Jafali anakhala mowongoka, manja ali pa mawondo.

"Ndaimba pamaso pa anthu zikwizikwi. Mabishopu andigwira chanza. Nyimbo zanga zatonthoza anamfedwa amene sindinawaonepo nkhope. Lamulungu lililonse, kwinakwake pa dziko lapansi, pali mpingo umene ukuimba zimene zinatuluka m'mutu mwangamu. Koma pakhomo pa mayi anga akuti mphatso yanga ndi uve. Ndiuzeni, inu amene munawerenga mabuku. Kodi Mulungu amene anandipatsa zala izi ndi yemweyo amene akuzikana, kapena ndi anthu chabe a mitima yochepa?"

A Shehe anabaya singano pa mkeka n'kuisiya pomwepo.

"Funso lanu ndi lalikulu, ndipo ine ndine munthu wamng'ono. Za zoimbira, anthu ophunzira kuposa ine anatsutsana kalekale, mpaka lero sanamalize. Sindingakunamizeni kuti ndimaliza ine m'mawa uno. Chimene ndikudziwa n'chakuti pa duwa yathu sitiliza choimbira, ndipo mawa sitidzaliza. Ndanena msanga kuti musaganize kuti ndikukuzungulitsani."

Jafali anagwedeza mutu ngati munthu amene wamva zimene ankayembekezera, n'kuyamba kuimirira.

"Koma musanapite, a Dokotala, mundiphunzitseko kanthu, popeza mphunzitsi wa zimenezi sadutsa kuno kawirikawiri. Limba lanu la ku America lija, mawu ake amachokera kuti?"

Palibe mmisiri amene amakana kufunsidwa za ntchito yake. Jafali anakhalanso pansi.

"Amachokera ku mpweya. Pansi pa tchalitchi pali injini ya magetsi imene imapopera mpweya m'mipope. Ine ndikadina, ndimangoutsegulira njira."

"Injini ikazima?"

"Ndingadine mpaka zala kuthyoka, simungamve kanthu koma kugogoda kwa matabwa."

"Nanga anthu akamaomba m'manja, amaombera injiniyo?"

Jafali anamwetulira pang'ono, koyamba chifikire. "Ambiri sadziwa n'komwe kuti ilipo."

"Zodabwitsa," anatero a Shehe. "Nanga la pa mishoni paja, limene munaphunzirirapo? Kalelo magetsi kunalibe."

"Limenelo linali la mvukuto. Linali ndi mpini wautali umene unkadutsa pa bowo la khoma n'kukatulukira m'kachipinda kosungiramo makandulo ndi matsache, kuti wovukuta asamasokoneze anthu popemphera. Munthu ankaima m'menemo n'kumakweza ndi kutsitsa mpiniwo. Lamulungu ankavukuta anyamata a kwaya. Masiku ena onse, ine ndikamaphunzira ndekha, ankandivukutira a Filipo, mkulu amene ankasesa m'tchalitchi."

"A Filipo ndikuwakumbuka. Munthu wabwino kwambiri. Anali ndi mphumu. Chitunda cha ku mishoni chija sankachimaliza osakhala pansi. Munkaphunzira nthawi yaitali bwanji?"

"Kuyambira poweruka kusukulu mpaka dzuwa kupendeka."

"Ndi chifuwa chimene chija?"

Nkhuku inadutsa pakati pawo, a Shehe anaipirikitsa modekha ndi dzanja.

"Ndikuuzani chinthu chimene ndinauzidwa kuti ndisakuuzeni. Mwini wake ankaopa kuti mukadziwa muleka kuphunzira. Tsopano munaphunzira kale, ndipo mwini wake wapita, ndiye ndikuona kuti chingwe chamasuka. Chaka chimene munabatizidwa, anthu anabwera kwa bambo anga, amene anali shehe pano nthawi imeneyo, kudzanena kuti Abiti Sumani wayamba kulowa m'tchalitchi. Ankawaona akuwoloka mtsinje masana, mtolo wa nkhuni pamutu, mwana kumsana. Bambo anandituma ine kuti ndikaone. Ndinali mwalimu wachinyamata, wophunzitsa ana ku madrasa, magazi akuwira, ndipo ndinapita ndi mawu okonzeratu, akuthwa bwino. Kachipinda kanu ka makandulo kaja kanali ndi khomo lakunja. Ndinapeza nkhuni zili pansi, a Filipo atakhala pa mwala akutsokomola. Atandiona anaika chala pakamwa. Ndinasuzumira. Mayi anu anali pa mpini, thukuta lili chuchuchu, mwana ali kumsana. Inu munkaimba mbali inayo ya khoma."

Chibadwire Asiyatu anali ndi kanthu kena m'mutu kamene ankayesa maloto: kachipinda ka mdima, fungo la makandulo ndi mileme, khoma lonjenjemera, ndi msana wofunda ukukwera ndi kutsika.

"M'tchalitchi sanalowemo, ngakhale phazi limodzi," anapitiriza a Shehe. "Swala, mapemphero athu a tsiku ndi tsiku, sanaiphonye. Nditawafunsa panjira pobwerera, anandiyankha kuti, 'Mwalimu, nyimbo zake sindizidziwa, ndipo njira imene wasankha ikundipweteka. Koma mwana wanga akadina, pazikhala mawu.' Mawu anga akuthwa aja ndinabwerera nawo m'thumba. Bambo anandifunsa chimene ndaona. Ndinati ndaona mayi akugwirira ntchito mwana wake. Iwo anati, 'Ndiye palibe mlandu.' Amalume anu sanauzidwe. Mayi anu anavukuta mpaka chaka chimene munakwera ndege."

Jafali atayamba kulankhula, mawu ake anali ngati a munthu amene akudzilankhulira yekha.

"Mpweya unkachepa. Masiku oyamba aja, ndikafika kumapeto kwa mzere, mawu ankafooka pang'ono ngati limba likumeza mate, kenaka n'kubwerera. Ndinazolowera kuudikira. Nyimbo zanga zonse zili ndi kadikiridwe kameneko. Ku America analemba m'manyuzipepala kuti ndi luso la Makwinja, kuti nyimbo zake zimapuma ngati munthu. Ine ndinkati ndi kukalamba kwa mvukuto."

"Ndinali ine, achimwene."

Onse awiri anacheuka. Asiyatu sanafune kulowerera nkhani ya amuna, koma mawu anali atatuluka kale.

"Aliyense amene anasinjapo mwana ali kumsana akudziwa. Mwana amatsetsereka. Umasiya dzanja limodzi, n'kumukweza, n'kupitiriza."

Jafali anamuyang'ana mlongo wakeyo ngati akumuona koyamba. Kenaka anatsika pa mpando paja n'kukhala pa mkeka wong'ambika, tayi ndi jekete zomwe, n'kubisa nkhope m'manja. A Shehe anatenganso singano yawo n'kumasoka, kuti munthuyo alire popanda womuyang'ana. Asiyatu anaiona imeneyo, ndipo sanaiiwale.

"A Shehe," anatero Jafali pomaliza, "munthu amene ali m'manda amabwezeredwa bwanji?"

"Ife timaphunzitsidwa kuti pa zabwino zimene mwana angachitire mayi wake womwalira, madzi ali patsogolo. Mawa kubwera anthu ambiri. Aliyense asanakhale pa duwa ayenera kusamba m'manja, kumaso ndi m'mapazi. Mpunga ufuna madzi, mbale zifuna madzi. Mjigo ndi umodzi, uli kuseri kwa mpanda, kumene kulibe womuombera munthu m'manja. Uli ndi mpini wautali. Sindikukulamulani, si inu wophunzira wanga. Mwandifunsa, ndayankha."

Jafali anatambasula zala zake n'kuziyang'ana.

"Manja awa sindinyamula nawo ngakhale chidebe. Mwezi wamawa ndili ndi konsati imene ndakhala ndikuikonzekera chaka chonse."

"Mukuwadziwa ndinu," anatero a Shehe. Kenaka anatembenukira kukhomo la nyumba. "Mayi a ana, tiyi uja bwanji? Alendo angatiyese oumira."

Tsiku limenelo dalaivala sanaitanidwe, komanso sanauzidwe kuti apite. Jafali anangoswera m'nyumba. Asiyatu sanamufunse kanthu. Mayi ake anamuphunzitsa kuti mphika ukamawira suvundukulidwa pafupipafupi.

M'mawa wa arubaini, atatha swala, Asiyatu anabereka mdzukulu wake kumsana, anatenga zidebe n'kupita ku mjigo ndi amayi anzake. Akuyandikira anamva mjigo ukulira kale, koma kulira kwake kunali kwachilendo, kofulumira ndi kodukiza. Jekete lotuwa linali litapachikidwa pa mpanda. Jafali anali pa mpini, malaya atapinda, akupopa ndi mphamvu zake zonse, madzi akutuluka motumphatumpha n'kumathira pansi kuposa m'chidebe.

Amayi anaima, anayang'anana, wina n'kuyamba kuseka chapansipansi.

"A Dokotala, mjigo si mbava, musaumenye."

"Asiyeni, kwawo madzi amabwera okha akangowaitana."

Abiti Ndala, mayi wachikulire amene ankagawana mchere ndi malemuwo, sanaseke nawo. Anapita n'kuika dzanja lake pamwamba pa la Jafali.

"Mwana wa mnzanga, usaukakamize. Kweza, tsitsa, udikire adzaze. Choncho. Ukathamanga ufa dzuwa lisanakwere."

Kweza, tsitsa, dikira. Jafali anayesa kangapo, kenaka thupi lake linaigwira. Asiyatu anaona mapewa ake akumasuka. Munthu amene moyo wake wonse anauthera pa kusunga kayendedwe ka nyimbo sanachedwe kumva kayendedwe ka mjigo. Madzi anayamba kutuluka mofanana, chingwe chimodzi choyera, ndipo zidebe zinkadzaza n'kumapita.

Dzuwa linakwera. Anthu anayamba kufika, a njinga, a pansi, ena pa lole. Miphika ikuluikulu ya mpunga inakhala pa mafuwa. Anyamata anabwera kudzati amulandire, iye anawathokoza n'kuwauza kuti akathandize ku nkhuni. Pofika chakumasana matuza anali atatuluka m'manja mwake, ena ataphulika, mpini utayamba kufiira. Asiyatu anapita kunyumba, anatsegula chikwama cha mayi awo, anatenga chitenje chakale chimene malemuwo ankakonda kupita nacho kumunda, n'kung'amba timizere tiwiri. Atabwerera anamugwira mlongo wake dzanja popanda kupempha n'kuyamba kukulunga.

"Konsati ija, achimwene?"

"Zipola," anatero Jafali. "Zikapanda kupola ndidzawaimbira pang'onopang'ono. Mangani msanga, chemwali, chidebe cha Abiti Ndala chikudikira."

Nthawi ya duwa itayandikira, amuna anabwera kudzasamba. Ena ankatunga m'zidebe, ena ankanjuta pa mpopi pomwepo. Ambiri sankadziwa kuti wopopayo ndani. Wina anamuuza kuti, "Achimwene, onjezani pang'ono," Jafali n'kuonjezera. Pambuyo pa onse panabwera Che Kassimu, ndi ndodo yawo. Anaima. Anayang'ana jekete pa mpanda, anayang'ana nsalu zimene zinali m'manja mwa Jafali, ndipo Asiyatu anaona kuti achizindikira chitenjecho. Chidebe chodzaza chinali pafupi ndi phazi lawo, akanatha kutunga m'menemo osalankhula ndi munthu. Koma anatsamiritsa ndodo pa mpanda n'kunjuta pa mpopi.

"Popa, Jafali."

Jafali anapopa. Mkuluyo anasamba m'manja, anatsuka m'kamwa, kumaso, m'mikono, anapaka m'mutu, anasamba m'mapazi, zonse mosafulumira. Atatha anaimirira movutikira, n'kutenga ndodo yawo.

"Komatu mphamvu uli nazo. Ndimayesa ku America mumangodya shuga." Anayenda pang'ono n'kucheuka. "Mphwanga, ukatha udzadye mbale imodzi ndi ine. Usachedwe, mano ndilibe koma liwiro ndili nalo."

Posakhalitsa mawu a duwa anayamba kumveka kuchokera pabwalo, a Shehe akutsogolera, khamu lonse likuyankha. Mawuwo ankadutsa pamwamba pa mpanda n'kufika ku mjigo ali athunthu. Jafali sankaona aliyense wa iwo. Ankangokweza, kutsitsa, kudikira. Asiyatu anali atatsala yekha pamenepo kutungira madzi otsukira mbale, ndipo m'kati mwa kulira kwa mjigo anamva kanthu kena. Mlongo wake ankang'ung'udza chapansipansi, pakamwa ali chitsekere. Inali nyimbo yatsopano ija. Inalibe kiyibodi, inalibe jenereta, ndipo woimvera anali mmodzi. Itafika kumapeto kwa mzere inaima pang'ono, ndipo nthawi yomweyo mdzukulu wa Asiyatu anatsetsereka kumsana, iye n'kumukweza osaganiza. Anayang'anana ndi Jafali. Onse awiri anaseka, misozi ili m'maso.

Dalaivala anatulukira kuseri kwa mpanda, makiyi ali m'manja, kudzafunsa za ulendo.

"Pitani kwanu mukapume," anatero Jafali osasiya mpini. "Mudzanditenge sabata yamawa. Sindinakaonebe manda, ndipo chemwali wanga ali ndi zambiri zoti andiuze."

Asiyatu anayang'ana pansi, m'chidebe, kuti nkhope yake isaoneke. Mumtima anati, Amayi, ndakwanitsa.

Duwa itatha, anthu atayamba kudya, a Shehe anabwera ku mjigo okha, atanyamula kapu ya pulasitiki. Anaitchera pa mpopi, ananjuta, anatchula dzina la Mulungu n'kumwa.

"A Shehe," anatero Jafali, mpweya uli m'mwamba, "ngongole yatha?"

A Shehe anatsanulira madzi otsala pa kamtengo ka papaya kamene kanamera m'mbali mwa ngalande.

"Ya mayi siitha, a Dokotala, ngakhale mutapopa mpaka mjigo kuuma. Koma lero aliyense amene wakweza manja kupempherera Abiti Sumani, wakweza manja osambitsidwa ndi inu. Mawu anali athu, mpweya unali wanu. Nyimbo yanu ija mukawaimbire a ku Ohio pa limba lalikulu, ndipo akakaomba m'manja mukawauze amene ankavukuta."

Anaimirira n'kuloza kumsewu, kumene gulu lina la alendo ochedwa linkatsika lole, fumbi lili m'mapazi.

"Awo sanasambe. Gwirani mpini, musasiye pakati. Mayi anu sanasiyepo."